Galu mmodzi wakwana

Nkhani zambiri zimene omvera amatitumizira ku wailesi ndi za zaka zothawa nkhondo, pamene mabanja a ku Tsangano ndi ku Macanga anawolokera ku Malawi, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Olemba ake anaziona ndi maso, ndipo sindikayika coonadi cawo. Cimene cimandidetsa nkhawa ndi katundu. M'masamba awiri muli usiku wothawa, njala, mwamuna wosakhulupirika, mfiti ndi mtengo wa feteleza, ngati ngolo yopakira mbatata, fodya ndi mbuzi pamodzi. Kumapeto mlembi amaponyapo mwambi kuti amange mtolo. Womvera akazimitsa wailesi sadziwa coti atenge.

Taonani mmene anacitira Luís Bernardo Honwana m'buku lake la 1964, Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Nkhani yoyamba ndi ya galu wokalamba wa zilonda thupi lonse. Bwana woyang'anira ziweto alamula anyamata a sukulu kuti akamuwombere. Ginho, amene akusimba nkhaniyo, akumumvera cisoni galuyo, koma akuopa kuti anzake amuseka kuti ndi wamantha. Womuteteza ndi Isaura yekha, mtsikana amene onse amamuyesa wosokonezeka mutu.

Honwana sanaime kuti atilalikire za kuipa kwa atsamunda. Funso limodzi ndilo lagwira nkhani yonse: munthu amafika bwanji pocita coipa cimene mtima wake ukukana? Sukulu, mpira ndi mfuti zalowamo cifukwa ciliconse cikumukankhira Ginho ku funso limeneli. Ili ndilo phata la nkhani.

Phata limasiyana ndi phunziro. Phunziro limati nkhondo njoipa, ndipo ku Furancungo palibe angatsutse zimenezo, motero palibenso cifukwa comvera mpaka kumapeto. Phata ndi funso limene likukupwetekani inu mwini, limene simunalipezere yankho.

Tiyerekeze kuti mukulemba za mai amene abwerera kwawo nkhondo itatha, napeza mlongo wawo akulima munda wawo. Funso lilipo kale: munda ndi wa amene anathawa kapena wa amene anatsala naulonda? Njala ya kothawirako ilowe, pakuti ndiyo ikuwapangitsa maiwo kuumirira. Mantha a mlongoyo m'zaka zimene anatsala alowenso, kuti womvera asaweruze msanga. Mfiti ndi feteleza zidikire nkhani ina.

Alembi anzanga, mukamaliza kulemba, muuze mnansi wanu m'mau ocepa cimene nkhaniyo ikufunsa. Lilime likakakamira, phata simunalipeze. Mukalipeza, limbani mtima mudule ndime zimene sizikulithandiza, ngakhale zikhale zokoma.

Akuluakulu amene anaona zaka zija akutha mmodzimmodzi. Ana obadwa nkhondo itatha sadzasunga mulu wa zocitika. Adzasunga galu mmodzi, kapena munda umodzi, ngati tawasimbira bwino.