Nkhokwe Ili pa Mandala

Mu ofesi ina ya boma momwe ndinagwirako ntchito, tsiku lina tinalamulidwa kukonza chipinda chosungiramo katundu kuti muikidwe makompyuta. M'chipindamo munali mitolo ya mafayilo akale omangidwa ndi zingwe. Mesenjala atanyamula mtolo woyamba, theka lake linatsala pansi lili dothi lokhalokha, chiswe chitadya kalekale. Otsalawo tinakawaotcha kuseri kwa ofesi. Ndinatsegulako fayilo imodzi: munali makalata olembedwa pamanja, a mafumu awiri okangana za malire. Ndinaiponyabe pamoto poti abwana anali atanena.

Ndayamba ndi kuulula tchimo langali chifukwa ndikufuna kudzudzula bungwe lomwe lachita zimene ine ndinalephera, ndipo munthu wotere ayenera kulankhula motsitsa mawu. Bungwelo ndi Society of Malawi. Linayamba m'chaka cha 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society, ndipo mu 1948 linatulutsa magazini yake yoyamba, The Nyasaland Journal, yomwe dziko litalandira ufulu inasanduka The Society of Malawi Journal. Mabuku, mapu, zithunzi ndi makalata ake zimasungidwa m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre. Nyumbayi anaimanga a kampani ya African Lakes mu 1882, ndipo dzinalo linachokera kwa John Moir, yemwe anthu ankamutcha Mandala kamba ka magalasi ake a m'maso.

Phindu la bungweli sitingalikane. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba n'kuwononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Nthambi yosunga zikalata za boma inadzatsegulidwa ku Zombako mu 1947, bungweli lili kale ndi chaka. Ndipo boma limasunga makamaka zaboma. Kalata yomwe m'mishoni analembera mlongo wake, chithunzi cha msika wa Limbe usanamangidwe bwino, kabuku komwe munthu ankalembamo za mvula ndi dzombe, zambiri zotere zilibe mlonda m'boma. Zimapulumuka ngati alipo wina wazikonda. Ntchito ya bungwe lotere ndi yosaoneka: kupukuta fumbi, kumata tsamba long'ambika, kulemba nambala pa chithunzi, kutulutsa magazini chaka ndi chaka ngakhale owerenga ndi ochepa. Palibe amene amaimbira m'manja ntchito imeneyi.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha W.H.J. Rangeley, mwina chifukwa naye anali wogwira ntchito m'boma wolemba pa nthawi yake yopuma. Mkuluyu anali DC, kenaka mkulu wa chigawo, ndipo anamwalira mu 1958. M'magazini ya bungweli analembamo za nyau za ku Nkhotakota mu 1949 ndi 1950, za Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje mu 1953, komanso za Amakololo ndi Ayao. Anacheza ndi akuluakulu omwe makolo awo anaona nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo ndi maso awo. Akuluakuluwo anatisiya onse, koma mawu awo ena alipo chifukwa mlendo anawalemba ndipo bungwe linawasunga. Pajatu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumoko kanameta mutu wa yani? Apa ndi pamene ine ndi bungweli timasiyana. Omwe analiyambitsa ambiri anali azungu: akuluakulu a boma, amishoni, eni minda ya tiyi ndi fodya. Anasunga zimene zinkawachititsa chidwi iwowo. Mukawerenga magazini akalewo mudzapeza masitima a pa nyanja ya Malawi atatchulidwa mayina, mbalame za m'phiri la Mulanje zitatchulidwa mayina, apaulendo achizungu atatchulidwa mayina. Koma gogo amene anakhala tsiku lathunthu pansi pa mtengo kufotokoza mzere wa mafumu a kwawo kawirikawiri amangotchedwa munthu wina wachikulire wa m'mudzi wakuti. Nzeru ndi zake, dzina pamwamba pa nkhani ndi la wina. Mtengatenga amene anasenza katundu wa wapaulendoyo kuchoka ku Chikwawa kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, ameneyo amangowerengedwa pa gulu.

Ena anena kuti imeneyo inali nthawi ya atsamunda, zinthu zinasintha. N'zoona kuti pambuyo pa 1964 akatswiri a mbiri achimalawi, maka a ku Chancellor College, anayamba kulembamo, ndipo nkhani ya John Chilembwe ya mu 1915 inaleka kukhala nkhani ya munthu woukira chabe. N'zoonanso kuti m'nthawi ya chipani chimodzi, pomwe kutchula dzina la Chipembere kapena Chiume kunali kudziputira ngozi, munthu wolemba za agulugufe ankagona tulo tabwino kuposa wolemba za nduna zomwe zinakangana ndi Kamuzu. Sindingaweruze wina pa mantha amenewo. Chimene sichinasinthe ndi chilankhulo ndi malo. Magaziniyi imalembedwa m'Chingerezi. Masiku ano yakale imapezeka pa intaneti kudzera pa JSTOR, kutanthauza kuti wophunzira wa ku Edinburgh angawerenge za Mbona mosavuta kuposa mphunzitsi wa pulayimale wa ku Nsanje, amene kachisi wa Mbonayo ali pakhomo pake.

Tisanamizane kuti mbiri singalembedwe m'zilankhulo zathu. Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, ndipo inasindikizidwa mu 1919. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anayendera akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa m'zaka za m'ma 1940, zaka zomwezo zomwe bungwe la pa Mandala linkabadwa. Njira ziwirizi zinayenda moyandikana osakumana kwenikweni.

Mlandu wina ndi wathu. Takhazikitsa mabungwe a zikhalidwe: Mulhako wa Alhomwe, bungwe la Achewa lomwe limatsogolera anthu ku Kulamba, la Angoni a ku Mzimba lomwe limakonza Umthetho. Chaka ndi chaka timasonkhana, timavala, timavina, andale amalankhula. Sindikunyoza gule, gule wamkulu ndi vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 chifukwa eni ake sanazisiye. Koma mwambo ukatha, mahema akazulidwa, ndi angati a ife amene amabwerera kwa nkhalamba ija inakhala kumapeto kwa bwalo, kukaijambula mawu, kulemba dzina lake, mfunda wake ndi tsiku, n'kuika zimenezo pamalo pomwe chiswe sichifika? Ndalama ya nsalu za mwambo imapezeka. Ya kabati yachitsulo imasowa.

Chimene ndikupempha bungwe la pa Mandala si chachikulu. Lisankhe nkhani zingapo za m'magazini akale, lizimasulire m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chisena, lizibwezere kumene zinachokera. Apa pafunika nzeru, pakuti si zonse zoyenera kuwerengedwa pabwalo. Zina zomwe zinalembedwa za nyau ndi za kudambwe, ndipo Chingerezi chakhala chikuziphimba kwa osameta. Kuzimasulira osafunsa eni dambwe kungakhale kulakwira anthu kachiwiri. Koma nkhani ya Mbona ingatengedwe kupita ku Nsanje n'kukawerengedwa pamaso pa mafumu ndi osunga kachisi. Iwowo anganene pamene Rangeley anamva bwino ndi pamene womasulira wake anamusokeretsa. Mwina wina angadzuke n'kunena kuti wachikulire wosatchulidwa dzinayo anali agogo ake. Zoterozo zilembedwe, mayina a olankhula aikidwe pamwamba, kope imodzi ipite ku Mandala, ina itsale pa sukulu yapafupi m'manja mwa aphunzitsi aakulu.