Timagalimoto ta Waya ndi Njanji Imene Sitinaimange

Pamsewu wochoka pa Boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay pali malo angapo pamene amisiri amayala mphasa, madengu, zipewa ndi timagalimoto. Tina n'tolukidwa ndi mlaza, tina n'tosema pamtengo. Alendo opita ku Cape Maclear amaima, kujambula, kunenerera mtengo, n'kunyamula ka Land Rover kokaika pashelefu. Kugulitsako ndilibe nako mlandu, mmisiri ayenera kudya. Chimene chimanditopetsa ndi muyezo umene tonse tazolowera poweruza ntchito zoterezi. Timayamikira kusalala ndi kunyezimira, ndipo palibe wogula amene amatsitsa kagalimotoko pansi kuti aone ngati kakuyenda.

Zosema zopakidwa polishi wakuda wa nsapato kuti zizioneka ngati phingo, matayala ake ali omatirira kuthupi, sindichedwa nazo. Za mlaza zili ndi ulemu wake, koma luso lake ndi la woluka dengu, ndipo galimotoyo yangobwerekedwa maonekedwe. Ntchito yeniyeni yochepetsa chinthu chachikulu kuti chikwane m'manja koma chisataye khalidwe lake ili ndi anyamata a waya, amene sayala katundu wawo pamsewu chifukwa ali kalikiliki kumuyendetsa.

Taonani mmene galimoto ya waya imamangidwira ku Mpondasi, ku Makawa kapena ku Chembe. Mnyamata amayamba ndi waya wokhuthala, wa mpanda wakale, n'kumuwongola pamwala. Uyu ndiye wa chimango. Polumikiza sawotcherera. Amakulunga ndi waya wofewa wa kopa wochokera m'mota yopsa, kapena amamanga ndi malegeni odula pachubu. Pulayala akakhala nayo ndi mwayi, apo ayi mwala, msomali ndi mano zimagwira ntchito. Matayala ndi zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo, kapena patapata wakutha wodulidwa mozungulira. Ndipo mwana wa kunyanja amadziwa chimene wa ku Limbe sasowa kuchidziwa: tayala lopyapyala limatitimira mumchenga. N'chifukwa chake amaphatikiza zitini ziwiri kapena kukulitsa mphira kuti galimoto iziyandama pamwamba. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezi m'kalasi. Malo ndiwo anamuphunzitsa, ndipo galimoto yake ukaiona umadziwa kwawo.

Koma pamene mmisiri amaonekera ndi pachiwongolero. Woyamba kumene amapanga ekiselo yakutsogolo kukhala ndodo imodzi yozungulira pakati, ngati ya ngolo. Imakhota ndithu, koma ikakhota kwambiri galimoto imagudubuzika. Katswiri amapatsa tayala lililonse pozungulira pakepake, n'kulumikiza awiriwo ndi kawaya kopingasa, kuti akapotoza chiwongolero chimene chili m'chiuno mwake, mita yathunthu kuchokera pansi, matayala onse awiri atembenukire limodzi thupi lili chilili. Umu ndi mmene galimoto yeniyeni imakhotera! Ena amawonjezera masipuling'i okulunga pamsomali, moti matola yawo ikasenza miyala imanyonyomala kumbuyo ngati yochokera ku Namwera tsiku la msika. Ndikaona zimenezi mtima umadumpha, ndipo sindimvetsa kuti anthu akuluakulu amadutsa bwanji osacheuka.

Palinso nkhani ya kusankha. Waya alibe khoma, ali ndi mizere yokha, choncho mmisiri ayenera kudziwa mizere imene imapangitsa Hiace kukhala Hiace, Sienta kukhala Sienta, Fuso kukhala Fuso. Akaika yambiri galimoto imalemera n'kusokonekera maso, akachepetsa imasanduka bokosi. Wosema amatha kubisa kulakwitsa kwa msinkhu pansi pa polishi. Wa waya alibe pobisala. M'chaka cha 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana ambiri kunja analiwerenga. Kuno kwathu luso lomweli timaliyesabe zachibwana zoti munthu azisiye akayamba kumera ndevu.

Kwina sasiya. Ku Britain, ku Germany, ku Japan ndi ku America kuli akuluakulu, ena opuma pantchito, amene amathera zaka akumanga tinjanji patebulo kapena m'chipinda chathunthu. Iwo amasunga muyezo mosanyengerera. Pa muyezo wotchuka wa HO chilichonse chimachepetsedwa ka 87, kotero njanji yaikulu ya ku Ulaya, yotalikirana mamilimita 1,435, imakhala mamilimita 16.5. Pakati pawo pali kagulu kokonda njanji zopapatiza, za m'mapiri, m'migodi ndi m'minda ya nzimbe. A ku Britain ali ndi muyezo wawo wa OO9, wa tinjanji ta mamilimita 9, ndipo kampani ya Peco imawapangira. Amakonda njanji zopapatiza chifukwa sitima zake n'zazifupi, zimakhota pafupi, masiteshoni ake ndi aang'ono, moti dera lonse limakwana pathabwa limodzi. Zambiri amachita kugula m'sitolo zopangiratu, ndipo pamenepo mnyamata wa ku Makawa amawaposa kutalitali. Koma pali chimodzi chimene iwo anachigwira ife n'kuchiphonya. Samanga sitima yokha. Amamanga ndi malo amene sitimayo imadutsa: mlatho, chitunda, nyumba ya woyang'anira siteshoni, anthu odikira.

Chodabwitsa n'chakuti njanji yathu nayonso ili m'gulu limene anthu amenewa amalisirira. Njanji ya Malawi ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, monga ya ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Pa muyezo wa HO imakwana pafupifupi mamilimita 12. Inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, m'chaka cha 1908. Mu 1935, chaka chimene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, njanji inafika ku Salima kudzera pa Chipoka. Mu 1970 nthambi ina inapatuka pa Nkaya kudutsa Liwonde ndi Nayuchi kulowera ku Nacala, ndipo ndi imeneyi imene lero ikunyamula malasha a ku Moatize. Mangochi inangozingidwa, njanji ili kumadzulo ndi kumwera, koma siinapondemo. Wina anganene kuti n'chifukwa chake ana a kuno sapanga sitima yapamtunda, poti mwana amapanga chimene amachiona. Zoona pang'ono. Nanga ana a pa Balaka ndi pa Liwonde, amene amaiona ikudutsa, bwanji naonso amathamangira minibasi?

Ine ndikuti chifukwa chake n'chakuti sitima imalanda mmisiri wa waya chinthu chimene amanyadira. Ilibe chiwongolero. Imene imakhotetsa sitima ndi njanji, ndiye luso lonse limachoka m'chiuno n'kutsikira pansi. Mawaya awiri ayenera kutalikirana mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, pokhota pomwe. Tayala liyenera kukhala ndi mlomo m'kati wogwira njanji, wosathina ndiponso wosakhwepa. Ukalakwitsa pang'ono bogi imagwa. Ndiye pali mphambano, pamene njanji imodzi imabala ziwiri ndipo kalilime kosuntha kamasankha kolowera sitima. Ameneyu ndiye mayeso aakulu, ndipo ngakhale akuluakulu akunja aja ambiri amangogula mphambano yopangiratu. Koma munthu amene anatha kulumikiza matayala awiri kuti azitembenukira limodzi popanda chowotcherera, kalilime kameneka kangamukanike? Sindikhulupirira.

Kumanga malo nakonso si kwachilendo kwa ana athu. Madzulo mumchenga amakumba misewu, kuika mlatho wa mapesi, kuimika chotchinga cha apolisi a pamsewu n'kumalipiritsana masamba. Mawa mbuzi zapondapo, zatha. Chimene chikusowa ndi wamkulu mmodzi woti atenge chitseko chakale, achigoneke pamipando iwiri, n'kunena kuti apa timangapo Chipoka. Ndatchula Chipoka chifukwa ndi pamene njanji inakumana ndi nyanja, m'masiku amene sitima zapamadzi zinali m'manja mwa a njanji omwewo. Pathabwa limodzi pangakhale doko, mabogi awiri kapena atatu, mlambe, thandala la usipa, mabwato okokeredwa kumtunda, amayi a mabeseni. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndi yaitali pafupifupi mamita 52. Mukaichepetsa ka 87 imakhala masentimita 60, yokwana bwinobwino pambali pa doko.

Ndipo poti ndatchula Ilala, ndidandauleko za zosema zake zimene zimagulitsidwa kwa alendo. Chumuni chimakula ngati cha fakitale, nsanjika zimachuluka kapena kuperewera, ndipo timaboti topachikidwa m'mbali, tomwe timatsitsa anthu ndi katundu m'malo opanda doko, kawirikawiri kulibe. Komatu aliyense amene anakwerapo Ilala amakumbukira timaboti timeneti kuposa utoto wake. Mmisiri wofuna kuyeza diso lake sasowa kopita. Pa Boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. M'nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja, chapafupi pomwepo, anamangamo chifanizo cha mbali yakutsogolo ya Guendolen yomweyo. Munthu atha kuima pamenepo n'kuona kuti msinkhu wa munthu ndi wa chotchingira m'mbali mwa sitima zimagwirizana bwanji. Ndi muyezo umenewu, wa munthu poyerekeza ndi chombo, umene zosema zathu zimauphonya.

Kusukulu za pulayimale, pa phunziro la Expressive Arts, ana amauzidwa kupanga zidole zoterezi, ndipo ndimaopa kuti nakonso malikisi amapita kwa chooneka bwino patebulo la aphunzitsi. Ndikanakhala ine wopereka malikisi, ndikanatulutsa ana onse panja, aliyense ayendetse yake mumchenga, akhote kumanzere ndi kumanja atasenza mwala. Wopambana pamenepo ndikanamupatsa ntchito yotsatira: mawaya awiri owongoka a mamita awiri, okhomeredwa pa timitengo ta nsungwi, kamtengo kamodzi kodulidwa bwino koyezera mpata wa njanji pena paliponse, ndi bogi imodzi ya matayala anayi a zitsekerero zoyang'anitsa mlomo m'kati. Injini idikire kaye, mphambano idikirenso, mpaka bogiyo itafika kumapeto osagwa.