Za Nyimbo Zatsopano pa Cikondwerero ca Ayuda

Tonsefe tidziwa kuti Ayuda ndiwo mtundu wa oyimba kuyambira kale lomwe, pakuti buku la Masalmo lidacokera kwa iwo, ndipo m'Kacisi wa ku Yerusalemu Alevi anali kuyimba ndi azeze, zisakasa ndi nsanje. Koma Aroma atapasula Kacisiyo m'caka ca 70, zoyimbira zija zinati zii. M'masunagoge munatsala mau a pakamwa okha, ndipo kufikira lero lino Ayuda ogwiritsa mwambo wa makolo sakhudza coyimbira ciri conse tsiku la Sabata. Tsono mtundu wotere ukaitana opeka nyimbo kuti atumize nyimbo zao zatsopano ku cikondwerero, nkhaniyo iyenera kulingiriridwa bwino.

Cikondwerero cimene ndifuna kuchula ndico cija cinayamba m'dziko la Israel m'caka ca 1969, cochedwa Cikondwerero ca Nyimbo za Ahasidi, ndipo cinacitika caka ndi caka kwa zaka zoposa makumi awiri. Ahasidi ndiwo gulu la Ayuda limene lidabuka kum'mawa kwa Ulaya masiku a mphunzitsi wao Baal Shem Tov, amene adamwalira m'caka ca 1760. Iwowa ayesa kukondwa ndi kubvina mbali ya kupembedza, ndipo ali nazo nyimbo zambiri zopanda mau, zochedwa nigun. Komatu ambiri a otumiza nyimbo ku cikondwereroco sanali Ahasidi ai. Anali opeka nyimbo za pa wailesi. Mwambo wace unali wotere: mau atengedwe m'Malembo kapena m'buku la mapemphero, koma maimbidwe akhale atsopano.

Mwambo umenewu ndiubvomereza, pakuti ucepetsa wopeka nyimbo. Iye sakhoza kudzitama ndi mau ace, popeza mauwo si ace. Nchito yace ndiyo kusoka cobvala coyenera mwini thupi, ndipo mauwo aposa mmisiriyo msinkhu ndi zaka zikwi. Ndiponso womvera aliyense adziwa kale mauwo, kotero akhoza kuweruza ngati cobvalaco camkwana mwini wace kapena camthina.

Koma pali cirema cimene mpikisano ubala. Nyimbo yopikisana imveka kamodzi kokha usiku umodzi, pakati pa zinzace zambiri, ndipo wopeka adziwa kuti ikapanda kugwira mtima pomwepo yagwa. Cifukwa cace atola ndime yaifupi, naibwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, naika kaimbidwe koombera m'manja, cinkana mauwo ali akulira kapena akulapa. Ife a kuno, amene nyimbo zathu zambiri za m'mpingo zidabvekedwa maimbidwe a ku Ulaya, tidziwa umo liu lipotokera pamene kaimbidwe kalikokera kwina.

Tengani Adon Olam, nyimbo yakale ya m'masunagoge, imene Uzi Hitman anaipekera maimbidwe atsopano pa cikondwerero ca 1976. Maimbidwewo ngokoma ndithu, ndipo ana awagwira msanga. Koma nyimboyo iyamba ndi ukulu wa Mulungu wokhalapo zinthu zisanalengedwe, nitsiriza ndi munthu wopereka mzimu wace m'dzanja la Mulungu pogona tulo. Ndipo m'kuona kwanga maimbidwe opepuka otere asenza bwino kukondwa, koma pofika pa ndime yotsirizayo athamanga pamene panayenera kufatsa.

Ngakhale tero, sindinena kuti cikondwereroco cinali cacabe. Caka coyamba comwe, Nurit Hirsh anatumiza maimbidwe a Oseh Shalom, mau opempha mtendere amene Ayuda atsiriza nao mapemphero ao. Nyimboyo inangokhala yacitatu pa mpikisano. Koma lero iyimbidwa m'masunagoge a ku America, ku Ulaya ndi kwina konse, ndipo ambiri oyimba sadziwa ndi dzina lomwe la woipeka. Ayesa kuti idacokera kwa makolo. Mphamvu yace iri poyera: iyamba pansi mofatsa monga munthu wopempha, nikwera pang'ono pang'ono, ndipo nkhalamba yosaphunzira ikhoza kuitsata osapunthwa. Oweruza a usiku umodzi anaiika pambuyo pa ziwiri. Mipingo inaweruza mwina.

Tsono tifike pa mau aja akuti nyimbo ikhale ya mwini wace. Kodi nyimbo ya mwini wace njotani? Ahasidi akale sanabvutika nalo funsoli. Iwo anali kutola maimbidwe kwa abusa a nkhosa, kwa alimi ndi kwa asilikari a mitundu yowazinga, poyesa kuti kaimbidwe kokoma kali ngati wandende woyenera kuomboledwa ndi kubwezedwa kwa Mulungu. Ndipo ena a iwo ayimba mau opatulika pa maimbidwe a nyimbo ya fuko la France. Cotero cikondwerero cochedwa ndi dzina lao cinafuna kwa opeka cinthu cimene eni dzinawo sanacisamala konse. Mphotho ndiyo inadzetsa lamulolo, pakuti pamene pali mphotho payenera kudziwika mwini.

Kulemera kwa lamulo lotere kuoneka pa mbiri ya Naomi Shemer. M'caka ca 1967 mkulu wa mzinda wa Yerusalemu, Teddy Kollek, anafuna kuti pa Cikondwerero ca Nyimbo ca Israel pamveke nyimbo za mzindawo, ndipo Shemer anapeka Yerushalayim shel Zahav, ndiko kunena Yerusalemu wa Golidi. Inayimbidwa pa 15 May ndi namwali wosachuka, Shuli Natan, kunja kwa mpikisano. Patapita masabata atatu kunabuka nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi, ndipo nyimboyo inakhala pakamwa pa anthu onse a dzikolo. Koma panali ena onena kuti maimbidwe ace afanana ndi kanyimbo kakale ka anthu a mtundu wa Basque, okhala m'malire a Spain ndi France. Shemer anakana zaka zambiri. Ali pafupi kufa m'caka ca 2004, analembera bwenzi lace kalata yobvomera kuti kanyimboko adakamva kale, ndi kuti kadalowa m'nyimbo yace iye osazindikira. Ndipo kalatayo inaululika m'caka ca 2005.

Ine sindimuyesa mbala mai ameneyu. Wopeka aliyense atunga m'citsime ca zimene makutu ace adamva kuyambira ubwana, ndipo palibe munthu akhoza kulozera dontho liri lonse kumene lidacokera. Mau a nyimboyo anali ace, ndipo maimbidwewo anawaumba mwina kufikira anayenera mau a Cihebri. Mhasidi wakale akadangoti, Ndaombola wandende, nakondwera. Koma Shemer anakhala m'masiku a mphotho ndi maina olembedwa pansi pa nyimbo, ndipo cinthu cimene makolo ace sakadacita naco manyazi cinamsautsa mumtima zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.