Enid Blyton: Mphunzitsi Amene Anasanduka Mlembi wa Nthano za Ana

Pakati pa aphunzitsi amene anasiya choko natola cholembera, ngowerengeka amene mabuku awo anafika kutali monga a Enid Blyton wa ku England. Iye anabadwira ku London m'chaka cha 1897, naphunzira uphunzitsi ku Ipswich kuyambira 1916 kufikira 1918, monga mwa njira ya Froebel, imene imati mwana aphunzire mwa kusewera ndi kudzionera yekha zinthu. Mu 1919 anaphunzitsa pa sukulu ya anyamata ku Bickley, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa ana pakhomo pa banja lina ku Surbiton zaka zinayi. Buku lake loyamba, la ndakatulo, linatuluka mu 1922.

Mbiri yake inakula makamaka ndi mabuku 21 a Famous Five, amene anatuluka kuyambira 1942 kufikira 1963. M'menemo ana anayi ndi galu wawo amapita kutchuthi, napeza chinsinsi pachilumba kapena m'phanga, nagwiritsa akuba, akuluakulu asanadziwe kanthu.

Mphamvu ya mabukuwa inachokera m'kalasi. Mphunzitsi amene anaimapo pamaso pa ana oyasamula adziwa kuti nkhani ikachedwa, maso onse apita pazenera. Chifukwa chake Blyton amalemba ziganizo zazifupi, nathera mutu uliwonse pamene mtima wa wowerenga uli m'mwamba, kotero kuti mwana atembenuza tsamba popanda womukakamiza. Ndiponso, monga Kalulu wa m'nthano zathu, wamng'ono ndiye apambana wamkulu ndi nzeru. Ndipo palibe mwana amene sakondwera nazo zimenezo.

Koma zofooka zake nzosabisika. Mawu ake ngochepa ndi obwerezabwereza, ndipo nchifukwa chake nyumba zina za mabuku zinakana kuwasunga. Anthu a m'nkhani zake ndi abwino okhaokha kapena oipa okhaokha, ndipo oipawo kawirikawiri ndi alendo ochokera kunja. Choipa koposa ndi buku la The Little Black Doll, limene linadzudzulidwa mu 1966: chidole chimadedwa chifukwa cha nkhope yake yakuda, ndipo chimalandiridwa pokhapokha mvula itachiyeretsa. Mwana wa mu Afrika akawerenga zotere, aphunzira kudzipeputsa yekha.

Blyton anamwalira mu 1968, atalemba mabuku mazanamazana. Tsono inu amene mukukonzekera kuphunzitsa, tengani kwa iye luso la kukopa mwana kuti awerenge, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo mwana wokonda buku lopepuka adzafika pa lolemera. Koma musaike buku m'manja mwa ana musanaliwerenge inu eni. Ndipo pamene mupeza kuti nkhani zoyenera za m'chinenero chathu nzosowa, kumbukirani kuti mlembi uyu anayamba ali mphunzitsi wa ana aang'ono monga inu, ndi kuti mapanga, zilumba ndi zinsinsi ziliponso kwathu kuno.