Mlungu Woyamba wa Sukulu

Akale anati, "M'mera mpoyamba." Alimi amvera mau amenewa, koma sukulu zambiri siziwasamala m'mwezi wa Seputembala pamene caka ca maphunziro ciyamba. Mlungu woyamba ungothera m'kusesa pabwalo, kutunga madzi ndi kulemba maina m'kaundula, ndipo anthu amati maphunziro sanayambe. Kumeneko nkulakwa. Mwana wayamba kale kuphunzira, ngakhale buku sanalitsegule. Masiku amenewo ndiwo amuuza ngati m'cipindamo munthu aloledwa kufunsa, kapena ayenera kungokhala duu.

Nchito ya manja siyoipa ai. Sukulu ndi mudzi, ndipo mudzi usesedwa ndi eni ace. Coipa ndico kusandutsa khasu cilango. Mwana wocedwa, amene kapena wayenda mtunda wautali wosalawa kanthu, apatsidwa khasu kuti akumbe dzenje anzace ali kuwerenga. Ataya phunziro la tsikulo, nayambanso kunyoza cida cimene cidyetsa atate wace ndi amai wace.

Koma cizolowezi cozika mizu koposa ndico ca kuyankhira pamodzi. Mphunzitsi afunsa, "Mwamva?" ndipo onse abvomera, "Inde!" Cizolowezici ncakale, koma cinakula m'caka ca 1994, pamene boma la Malawi linacotsa fizi m'sukulu za pulaimale. Ana anacuruka kucokera pa mamiliyoni osakwana 2 kufika pafupi mamiliyoni 3. Aphunzitsi pafupifupi 20,000 analembedwa nchito asanaphunzire za uphunzitsi, ndipo makalasi ambiri anasonkhana pansi pa mitengo. Munthu mmodzi woyang'anira ana 100 akadacitanji, koma kuwaimbitsa a, e, i, o, u? Sayenera kutonzedwa. Komatu nyimbo ibisa wosadziwa. Mwana atha kutsata mau a anzace caka cathunthu, pakamwa pali kuyenda, osazindikira cilembo ncimodzi comwe. Zidzaululika pa mayeso. Abwereza Sitandade 1, manyazi amgwira pakati pa ana ang'ono, potsiriza angokhala kunyumba.

Palinso mwambo wosankha mwana mmodzi kuti azilemba maina a olongolola. Bata lipezekadi, koma ndi bata la mantha, pakuti wofunsa mnzace tanthauzo la mau alembedwa pamodzi ndi wosewera.

Mphunzitsi wanzeru sayembekeza mabuku kapena mabenci kuti akonze zimenezi. Ayamba ndi kudziwa maina, ngakhale khumi pa tsiku, kufikira atha kuitana kamtsikana kobisala kumbuyo ndi dzina lace. Aika lamulo tsiku loyamba lomwe lakuti wophonya yankho asasekedwe, ndipo iye mwini alisunga. Onse atayankhira pamodzi, afunsanso mmodzi mmodzi, osati okweza manja okha. Akuru amene aphunzira kuwerenga atakula adziwa bwino kulemera kwa lamulo limeneli, pakuti ambiri akumbukira mnzao amene anasekedwa tsiku loyamba m'sukulu ya kwaca, ndipo sanabwerenso.

Kholo nalo liri ndi mbali yace, makamaka lodziwa kuwerenga. Lisakhutire pomva mwana ali kulakatula zilembo monga nyimbo. Madzulo litenge buku lace, liloze cilembo ca pakati, kenaka ca kumapeto, osatsata ndondomeko, nilifunse, "Ici nciani?" Mwana akakhala cete asakwapulidwe, kholo lipite kukaonana ndi mphunzitsi mwezi woyamba usanathe.