Bokosi la WITCH: ukali wa gitala sindiwo nkhani yonse

Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inasonkhanitsa zimbale zisanu za gulu la WITCH n'kuziika m'bokosi limodzi la ma CD anayi, lotchedwa We Intend To Cause Havoc! Dzinali ndi lomwe zilembo za WITCH zimaimira, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti tabwera kudzasokoneza. M'bokosimo muli Introduction, In The Past, Lazy Bones!!, Lukombo Vibes ndi Including Janet, zimbale za pakati pa 1972 ndi 1977. Izi ndi zaka zimene gululi linkaimba rock yaukali, ija imene lero ikutchedwa Zamrock. Zimbale ziwiri za disco zimene linatulutsa pambuyo pake, Movin' On ya 1980 ndi Kuomboka ya 1984, mulibe.

Ndikufuna kunena zinthu ziwiri za bokosili. Choyamba, aliyense wa ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere amene amati amakonda nyimbo za kwathu ayenera kulimva. Chachiwiri, asalimve ndi khutu la amene analisonkhanitsa. Iwo anakopeka ndi phokoso la gitala. Ife tili ndi china choti timvemo.

Tiyambe ndi anyamatawo. WITCH inabadwira ku Kitwe, ku migodi, pamene mkuwa unali ndi mtengo ndipo wogwira ntchito mumgodi ankatha kugula rekodi pakutha pa mwezi. Woimba patsogolo anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones chifukwa cha kudumpha kwake pa siteji. Gitala yotsogolera inali m'manja mwa Chris Mbewe, ina mwa John Muma, besi mwa Gedeon Mulenga, ng'oma mwa Boidi Sinkala, ndipo Paul Mumba ankaliza kiyibodi. Anali ana a m'makomboni ngati ife, omvera pa wailesi nyimbo za ku London ndi ku America, n'kumaziyesa ndi zida zosakwanira.

Chimbale choyamba, Introduction, sichibisa zimenezi. Mawu ajambulidwa mokhakhala, ng'oma zikumveka ngati zili m'chipinda china, ndipo nyimbo zambiri zikuyenda pa makodi ochepa obwerezabwereza. Nyimbo ngati Like A Chicken ndi Feeling High zili ndi chimwemwe cha anyamata amene angolowa mu situdiyo koyamba. Ndimazikonda, koma sindinganame kuti ndi zakuya. Chizungu chake ndi chobwereka, nkhani zake ndi zopyapyala, ndipo mkazi akatchulidwa amangokhala munthu woitanidwa kapena wodandaulidwa. In The Past ikupita patsogolo pang'ono, magitala akumvana bwino, koma mthunzi wa magulu a ku Britain ukadali pamwamba pawo. Wogula wa kunja amasangalala ndi kukhakhala kumeneku, amati ndi kukoma kwa zinthu zakale. Ine ndikumvamo ophunzira aluso amene sanapezebe mawu awoawo.

Pa Lazy Bones!! ya 1975 ndi pamene mphika ukuwira. Apa gitala ya Chris Mbewe yadutsa m'kachipangizo kotchedwa fuzz, kamene kamang'amba kulira kwa chingwe mpaka kumveka ngati njuchi zolusa zotsekeredwa m'chitini. Black Tears imayamba mwakachetechete, ngati munthu wolankhula yekha usiku, kenaka n'kuphulika. Nyimbo ya Lazy Bones imakugwira ndi besi isanakugwire ndi gitala. Havoc ndi Off Ma Boots zimathamanga osayang'ana m'mbuyo. Ngati muli ndi bando ya chimbale chimodzi chokha, yambani ndi ichi. N'chifukwa cha chimbale chimenechi kuti olemba a kunja amayerekeza WITCH ndi Black Sabbath ndi Jimi Hendrix.

Kuyerekeza kumeneko ndi kumene ndikukangana nako. Kumapangitsa kuti ubwino wa gululi uyezedwe ndi mmene linafikira pafupi ndi azungu amene linkawamvera. Koma mverani bokosili mwadongosolo, kuyambira CD yoyamba mpaka yomaliza, ndipo mudzaona kuti ulendo wake ukulowera kwina. Anyamatawa sakuyandikira London. Akubwerera kunyumba.

Umboni uli pa Lukombo Vibes ya 1976. Dzina lenilenilo likunena zambiri: lukombo m'Chibemba ndi chikho chomwera, chija cha pamudzi. Pa chimbalechi pali Nasauka ndi Kangalaitoito, ndipo pa Including Janet pali Nazingwa, Anyinamwana ndi Ntedelakumbi. Mitu yokhayo ikukuuzani kuti lilime lasintha. Nazo ng'oma zasintha. Boidi Sinkala sakungomenya molunjika ngati wa rock, akupinda kayendedwe kuti chiuno chipeze polowera. Gitala ikadali yaukali, koma tsopano ikuyankhana ndi woimba monga mmene amayi amayankhirana pa chinamwali kapena pamaliro. Kwa ine apa ndi pamene WITCH ikulemera kwenikweni. Munthu woimba kuti wasauka m'chinenero chimene amagulira makala ndi kapenta amalasa mtima kuposa amene akukuwa m'chinenero cha m'kalasi.

Kusinthaku sikunangochitika. Pakati pa zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo anafunika zimbale zatsopano, ndipo oimba anayamba kufunafuna chimene chingatchedwe cha Zambia. Nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa, mafuta anakwera, ndipo mizere ya sopo ndi saladi inayamba kutalika. Ukali umene mukumva m'zimbale za 1975 ndi 1976 ndi wa achinyamata amene analonjezedwa zambiri mu 1964 n'kuona lonjezolo likuchepa. Amene akukhala ku George kapena ku Kalingalinga lero, malaiti akuzima ndipo satifiketi ili m'sutikesi, safunika womasulira.

Nanga disco imene inasiyidwa? Osonkhanitsa ali ndi chifukwa chomveka. Ba Jagari anali atachoka kukakhala mphunzitsi, oimba atsopano analowa, ndipo kiyibodi ya Patrick Mwondela inatenga malo amene kale anali a fuzz. Zimbale ziwirizo zinatulutsidwanso pazokha mu 2014, choncho palibe amene anazikwirira. Komabe bokosi lili ndi mphamvu yake: limakuuza pamene nkhani ikuthera. Womvera watsopano amatseka CD yachinayi akuganiza kuti WITCH yeniyeni inafa mu 1977 ndipo zotsatira zinali kugwa. Sindikuvomereza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mabomba a asilikali a Rhodesia anagwa m'dziko muno, kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, ndipo magulu oimba anataya madansi a usiku amene ankawadyetsa. Ma disco oliza marekodi anali otchipa kuposa gulu la anthu asanu ndi mmodzi. Gulu limene linasintha kaimbidwe kuti lipulumuke silinagulitse moyo wake. Linachita zimene aliyense wa pa kantemba amachita malonda akasintha. Kalindula itabwera m'ma 1980 n'kutenga bwalo lonse, inapeza njira italambulidwa kale ndi oimba a rock amene anayamba kuimba m'zinenero zathu.

Pali chinanso chimene bokosili limandikumbutsa, ndipo n'chowawa. Mwa anyamata oyamba aja, amene watsala ndi ba Jagari okha. Matenda a Edzi anakolola m'badwo wa Zamrock mopanda chisoni. Kuno ku Lusaka tinataya Paul Ngozi mu 1989 ali ndi zaka 40, munthu amene anaimba za moyo wa m'komboni pa chimbale cha The Ghetto ndipo gulu lake la Ngozi Family linali laukali kuposa WITCH. Ba Jagari anakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo kuti adye, nyimbo zawo zili zii pa wailesi. Zinatengera kampani ya ku California kuti ziukenso. Sindikuinyoza, inagwira ntchito imene ife sitinagwire. Koma funso likhalepo: n'chifukwa chiyani mwana wa ku Matero anamva Paul Ngozi koyamba kudzera mwa Tyler, the Creator, amene mu 2024 anatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake Noid? N'chifukwa chiyani Travis Scott anafika kwa Amanaz mu 2023 opanga mabiti athu ambiri asanafikeko?

Alipo amene anayamba kuyankha. Sampa the Great anaimba ndi WITCH pa chimbale chake As Above, So Below cha 2022, ndipo anamvekanso pa Zango, chimbale chimene WITCH inatulutsa mu 2023 ba Jagari ndi ba Mwondela ali limodzi. Pa Zango, rock ndi disco zija zimene bokosi linalekanitsa zakhala pa mphasa imodzi popanda ndewu. Eni ake asonyeza okha kuti mzere wa 1977 unali wa osonkhanitsa, osati wawo.

Chigamulo changa n'chakuti bokosili ndi lofunika koma ndi lalitali, ndipo silikoma mofanana. CD yoyamba ndi ya ofuna kudziwa chiyambi. Pakati ndi pamene pali nyama. Inu amene mumapanga mabiti pa laputopu kuseri kwa babashopu, musathamangire fuzz yokha chifukwa ndi imene a kunja akuitama. Mverani besi ya Gedeon Mulenga pa Lazy Bones!!, mverani mmene ng'oma zikupindira pa Lukombo Vibes, kenaka mupitirize mpaka ku Kuomboka. Ndipo ngati kunyumba kuli agogo kapena amalume amene anavina nyimbozi zili zatsopano, aikireni Nasauka pa foni muwafunse kuti holo yake inali iti.