Tosa Nikki: Mwamuna Amene Anabisala m'Mau a Mkazi

Anthu a ku Japan analandira malembo awo oyamba kuchokera ku China, ngakhale kuti zilankhulo ziwirizi ndi zosiyana kotheratu. Amuna ophunzira analemba za boma m'Chitchaina. Koma m'zaka za m'ma 800 zizindikiro zina za Chitchaina zinafupikitsidwa, kuti chilichonse chiimire phatikizo limodzi la chilankhulo chawo. Malembo amenewa, a hiragana, anatchedwa "dzanja la akazi", pakuti akazi ndiwo anawagwiritsa ntchito kwambiri.

Apa ndipo pagona kufunika kwa buku la Tosa Nikki, limene Ki no Tsurayuki analemba cha m'ma 935. Iyeyu anali mlakatuli womveka, mmodzi wa osonkhanitsa ndakatulo za Kokinshū cha m'ma 905, ndiponso bwanamkubwa wa chigawo cha Tosa pachilumba cha Shikoku. Bukuli lifotokoza ulendo wa masiku 55 wobwerera ku Kyoto. Popeza mwambo unali wakuti mwamuna alembe za tsiku ndi tsiku m'Chitchaina, iye anadziyesa mkazi wa m'gulu la apaulendo, nalemba m'hiragana.

Bukuli zofooka lili nazo. Masiku ena mlembi angonena kuti ngalawa sinayende chifukwa cha mphepo, ndipo nthabwala zina zimuulula kuti ndi mwamuna. Koma mphamvu yake ili pa maliro. Mwana wamkazi wa bwanamkubwayo anamwalira ku Tosa, ndipo chisoni chake chibwerabwera ulendo wonse. Pofika kwawo apeza nyumba yowonongeka, munda wosasamalika, ndi timitengo ta paini titamera kumene. Koma mwana amene anabadwira m'nyumbamo palibe. Chitchaina cha m'maofesi chikadalemba tsiku ndi malo. Kulira kotere kunafuna mau a pakhomo.

Tsurayuki anatsegula njira, ndipo akazi anaipitiriza. Cha m'ma 1000 Murasaki Shikibu analemba Genji Monogatari, buku lotamandidwa mpaka lero, m'malembo onyozeka omwewo.

Mphunzitsi wa ana aang'ono aganizire bwino nkhaniyi. Mwana amene auzidwa kuti chilankhulo cha amake sichiyenera kulembedwa adzalemba zolondola m'chilankhulo cha eni, koma za mumtima adzazibisa. Tsurayuki anachita kubisala kuti alire mwana wake. Wophunzira asasowe kutero m'kalasi.